Njerwa zosawotcha kuseri kwa nyumba yanu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno tilipo, mawondo okha ndiwo andiukira. Nandolo akukula bwino, koma chimanga cha kumtunda anyani a m'phiri atithandiza kukolola. Mwana wanga Fanesi wachira, ndi wamkazi, tamutcha dzina lanu. Kulongolola kwake ndi inu nomwe.

Chandilembetsa ndi Esinati, mdzukulu wanga uja munamusiya akuyamwa. Wakula, akuthyola tiyi ku esiteti. Akaweruka maso ali pa foni, kuonera makatuni a ku Japani otchedwa anime. Tianthu ta maso ngati kadzidzi, mphuno ngati nsonga ya singano. Anandionetsako: kamtsikana kakudikira kamnyamata patsinde pa mtengo, maluwa akuyoyoka, zaka zikupita. Akuti zonse zimatha, koma chikondi ukamachisamalira sichitha. Ndinamufunsa kuti nanga kamtsikanako kamadya chiyani podikirapo. Anandinyanyalira.

Tsono iye wazitengera pamtima. Mnyamata wina wa ku Likhubula, wonyamulira alendo katundu kuphiri, anabwera kudzafunsira. Tinamulozera pomanga kuseri kwa nyumba yanu, monga timachitira ndi akamwini. Anaumba njerwa, n'kuzisanja, basi ulendo wa ku Joni asanaziwotche. Paja munkanena inu kuti mkamwini wofuna kukhala amayamba watema nkhuni za uvuni. Uyu ngakhale chikuni chimodzi sanateme. Foni amaimba, inde, koma pakamwa potsekemera ngakhale wakuba ali napo.

Lino ndi dzinja lachiwiri Esinati akuvindikira njerwazo ndi pepala lapulasitiki, kupsinja ndi miyala, mphepo ikachotsa n'kubwezeranso. Zapansi zayamba kale kubwerera kudothi. Mphunzitsi wina wa ku Chonde, munthu wooneka ndi maso, anatuma amalume ake kudzafunsira, mwana uyu n'kukana.

Lachiwiri lapitali mvula inatsika m'phiri iye ali ku esiteti, pepala litauluka. Ndinatuluka ndi mawondo omwewa n'kuvindikira ndekha. Musaseke, amayi. Mnyamatayo sindikumukhulupirira ngakhale pang'ono, ndipo ndikukayika ngati kumeneko amagona yekha. Koma mlandu uwu usaweruzidwe ndi mvula. Ngati wamusiya mwanayu, anene ndi pakamwa pake, asadzanamizire matope.

Ndikukulonjezani, njerwazo ndizilondera mpaka chilimwe. Utsi wa uvuni ukapanda kuoneka, pamalo panupo ndibzalapo chinangwa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Elube