Mapazi Anga Ayambanso Kumva

Lachiwiri, pa 9 Julaye

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji kumeneko ndi alamu ndi ana? Nanga amayi akudzuka bwanji? Ine kuno ndili bwino, moti ndikulemba ndi chimwemwe.

Paja ndinakuuzani kuti mapazi anga anachita dzanzi. Kuntchito chopondera cha makina osokera sindinkachimvanso, misoko inkangokhota, ndipo abwana anati zikapitirira andipumitsa. Ine ndinkangoti ndi shuga wangayu.

Pa 3 Meyi adokotala anandiyeza magazi. Anandifunsa kuti mapiritsi a shuga aja, a metifomini, ndamwa zaka zingati, ine ndinati zisanu ndi ziwiri. Anandifotokozera kuti mwa anthu ena mapiritsiwa akamwedwa nthawi yaitali amachepetsa vitamini B12 m'thupi, ndiye mitsempha imafooka. Anati ndisasiye kumwa, koma poti vitaminiyo inapezeka yochepa m'magazi anga, anayamba kundibaya jakisoni wake.

Achimwene, dzulo ndinaponda phini, ndipo ndinamva kuwawa! Mukudziwa kuti ndimasoka wopanda nsapato. Ndinakuwa mpaka wosita zovala anagwetsa nsimbi. Kenako ndinayamba kuseka, misozi ili mbwembwembwe. Mnzanga wodula nsalu anati chibadwire sanaonepo munthu akuthokoza phini, akuti mawa andimwazira paketi yonse pansi. Abwana anayang'ana msoko wanga, n'kundipatsa madiresi a ukwati kuti ndisoke.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. Amayi akumwa mapiritsi omwewa, ndipo anayamba ine ndisanayambe. Pa foni anandiuza kuti mapatapata amawavuka m'njira, iwo n'kuzindikira atafika kale kunyumba. Inu munati ndi ukalamba. Mwina ndi ukalambadi, ine si dokotala. Koma adokotala anga anati dzanzi likakhalitsa, mitsempha siibwereranso mwakale.

Chonde, pa 18, tsiku lawo lokatenga mankhwala, mupite nawo inuyo. Mukapemphe kuti awayeze B12. Dzinalo mulilembe padzanja, ndipo za mapatapatazo mukanene ndinu, chifukwa amayi akangoona dokotala amati ali bwinobwino. Mapiritsi asasiye.

Mundiperekere moni kwa alamu, azakhali ndi ana onse. Amayi muwauze kuti diresi lawo la kutchalitchi ndalidula kale, ndipo ndikufuna akalivale akuyenda okha, popanda wowagwira dzanja.

Ndine mlongo wanu,
mzime wa amayi