Kompyuta yatseka mpata wa mano anga

Agness mlongo wanga,

Ndapita ku Chipata pa basi ya sikisi. Njinga yako ili ku Mfuwe, pashopu ya a Sunday. Pepa, ndatenga mwakuba.

Nkhani ndi mano atsopanowa. Dokotala wa ku Chipata uja sanandilumitse phala lopimira mano ngati kale. Anangoyendetsa kakamera m'kamwa, makina n'kuumba mano. Koma kompyuta yake inatseka mpata wanga wakutsogolo, uja ndinatengera kwa atate, ati yakonza cholakwika. Ndawerenga zambiri za makina olanda anthu ntchito, za olanda nkhope ayi.

Dzulo pamsika ndinakumana ndi Steward, koyamba chibwerereni. Ndinamwetulira, iye n'kuvula chipewa: "Muli bwanji bwana, mukufuna loji iti?" Munthu amene ndinakula naye tikuwedza mu Luangwa. Zaka 31 za ku Leeds, ku Mangalande, zinandidyera tsitsi ndi chinenero chathu cha Chikunda chomwe, anzanga ena onse ali kumanda. Chondidziwira chinatsala mpatawo basi.

Nkhuku sindinazitsegulire. Usandisungire chakudya.

Adokotalawo ndikawauza autsegulenso mpatawo. Akakana ndibwera wopanda mano. Steward andiseke mmene angafunire, bola anditchule dzina.

Josiah