Dzanja Lamanzere la Amayi Silikuoneka pa Chithunzi

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi adzuka bwanji? Funso limeneli usalilumphe ngati muja ukuchitira pafoni. Ine kuno ndili bwino, kungoti sabata yatha chifuwa chinandigwira chifukwa cha fumbi la msewu umene akukonza kutsogolo kwa situdiyo yathu. Kauntala tikumapukuta katatu pa tsiku.

Zithunzi zitatu unatumiza zija ndinaziona, ndipo ndasangalala kuti kamera yakale ndinakupatsa ija sikungogona m'sutikesi. Unati poti wangoyamba kumene, ndikuuze zoona, ndisakunyengerere. Chabwino, wapempha wekha.

Cha mbuzi pageti chija chatuluka bwino kwambiri. Cha ana akutunga madzi pampopi nachonso ndi chabwino, kungoti unaima patali. Koma cha amayi atakhala pampando panja paja chandisowetsa mtendere.

Ndinachisindikiza n'kuwaonetsa abwana anga, aja timawatcha a Magalasi, amene akhala akujambula anthu kwa zaka makumi atatu. Poyamba anangoseka. Anati dzuwa unaliika kumbuyo kwa amayi, n'chifukwa chake nkhope yawo yada ngati kunsi kwa poto. Akuti ukamajambula panja, dzuwa lizikhala kumsana kwako kapena cham'mbali. Zimenezo usunge, ndi malangizo abwino.

Kenaka anayang'ana zina ziwiri zija, kuseka kuja n'kutha. Anati wophunzira amadula mutu kapena mapazi, ndipo akalakwitsa amalakwitsa zithunzi zonse mofanana. Munthu wodziwa kuika mbuzi pakatikati bwinobwino sangadule mayi ake mwangozi kuyambira paphewa lamanzere mpaka pansi. Anandibwezera chithunzicho n'kupita kukapukuta kamera imene inali yoyera kale.

Makasitomala atachepa ndinachikuza pakompyuta. Pansi, kutsogolo kwa mpando, pali mithunzi ya anthu awiri. Wina ndi wa amayi. Winawo ndi wa munthu woimirira amene wawagwirira paphewa, ndipo chipewa chakecho ndikuchidziwa, ndi cha alamu. Mpango wa kumutu mfundo yake ili kutsogolo, pamene chibadwire changa amayi amamangira kumbuyo, ndipo salola munthu kuwakhudza kumutu. Wawamanga mpangowo ndani? Ndiponso unayamba wawaonapo amayi akujambulitsa atakhala pansi? Munthu amene paukwati wako anakana mpando tsiku lonse!

Nditawalitsa nkhope ya amayi ija ndinaona kuti pakamwa papendekera mbali imodzi. Ndinadziuza kuti mwina amamwetulira. Koma kumwetulira kwa amayi ndikukudziwa, si kumene kuja.

Apa ndiye ndayamba kulumikiza zinthu. Milungu itatu ino ndikaimba foni umati agona, mwina akusamba, mwina apita kumsika. Amayi ake ati osamba katatu pa tsiku? Amalume nawo ndikawafunsa amangoti zonse zili bwino, n'kuyamba kundifotokozera za mvula ngati ndawafunsa. Kodi mwapangana?

Ndakwiya, mng'ono wanga, ndipo ndili ndi mantha. Ndikudziwa kuti mwina ndi amayi eni ake akuletsa kuti undiuze, poopa kuti ndisiya ntchito n'kuthamangira kumeneko. Ndi khalidwe lawo limenelo. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo inenso ndinayamwa bere lomwelo. Nthawi zina ndimaganizanso kuti mwina chithunzichi unatumiza dala, kuti ndione ndekha zimene anakuletsa kunena. Ngati zonsezi ndikungokuganizira pachabe, undikhululukire, ndipo udzandiseke mmene ungafunire.

Pempho langa ndi limodzi. Uwajambulenso amayi tsiku lomwe ulandire kalatayi. Dzuwa likhale kumsana kwako, aoneke thupi lonse kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ataimirira okha, manja onse awiri atakweza ngati akundibayibitsa. Ngati zimenezi sizingatheke, kamerayo usaigwire n'komwe. Ungondiimbira foni n'kundiuza tsiku limene zinachitika ndi zimene ananena adokotala. A Magalasi andiuza kale kuti ndikafuna kunyamuka ndinyamuke, sindinachite kuwapempha.

Upereke moni kwa alamu, uwauze kuti ndawaona. Moni kwa amalume, azakhali ndi ana onse. Amayi kalatayi usawawerengere. Ungokhala nawo pafupi, uwauze kuti ndawalonjera, ndipo dzanja limene unandibisiralo uligwire m'malo mwanga mpaka nditafika.

Ndine mkulu wako wokukonda,
ngakhale lero ndakukalipira.