Liwiro la a Alufeo

Chongoni, Dedza
14 Julaye, 1919

Okondedwa achimwene a Dominiko,

Ndikhulupirira muli bwino ku Halale kumeneko. Kuno tili moyo, kungoti chisanu cha chaka chino chapsereza nyemba zonse za kudimba. Ine ndikuphunzitsabe pasukulu yathu ija ya udzu, koma ndapeza ntchito ina imene ndikufuna muimve kwa ine mwini, ena asanakuuzeni mokhotetsa.

Mukuwakumbuka a Alufeo a ku Mayani, aja ankanyamula makalata kupita ku boma, amene palibe ankawapeza pa liwiro? Anatengedwa kukasenza katundu kunkhondo, ndipo anabwerako miyendo itatha. Tsopano amayendera ndodo. Mwezi wa Meyi ndinawapeza akukwera chitunda cha ku Mayani, anyamata atatu ali pambuyo pawo kuwaseka. Wina anati, "Patukani agogo, tingagone panjira!" Achimwene, mtima unandiwawa. Ndinawauza kuti munthu ameneyu ankachoka kwawo tambala atalira, n'kufika ku boma mame asanaume. Anangoseka. Iwo a Alufeo anati, "Alekeni aphunzitsi. Akadziwa bwanji? Liwiro silisiya mapazi."

Mawu amenewo anandikhala mumtima sabata yathunthu. Kenaka ndinatenga kope limene abambo a kumishoni anandipatsa kuti ndizilembamo maina a ophunzira katekisimu, ndinalitembenuza, n'kupita kwa a Alufeo. Masiku asanu ndi limodzi ndinkakhala nawo pakhonde, iwo akusimba, ine ndikulemba. Akazi awo a Jesinta ankasiya kupeta n'kumawakonza: "Ayi, mbuzi ija munapata ku Kasina, osati ku boma!" Ndinalemba za ubwana wawo akuthamangitsa agwape m'phiri, za mipikisano yonse, ndi za miyendo yawo mmene inatupira kunkhondo.

Tsono apa ndi pamene pali kuulula kwanga. M'kopemo mulinso inu. Sindikanatha kulumpha liwiro la pa Pasaka wa 1911, pamene inu ndi iwo munalimbirana bulangete lofiira, inu n'kufika pambuyo ndi mikono iwiri yokha. Ndinali nditalemba kale kuti, "Dominiko anatopa pamtsinje." A Alufeo atamva anagwira dzanja langa.

"Fafanizani," anatero. "Ine ndinaterereka pamwala, madzi anandikokera kumunsi. Mkulu wanu anali atawoloka kale. Anabwerera, n'kundivuula, n'kunena kuti, 'Dzukani, tiyambire pamodzi.' Ndinapambana, inde, koma sindinanene kwa munthu. Bulangete lija ndinalifunda ndi manyazi."

Achimwene, n'chifukwa chiyani simunatiuze? Tsiku lija atate anakunenani pamaso pa anthu kuti mwachititsa manyazi mtundu wathu, ndipo ine mng'ono wanu ndinaseka nawo. Miyezi iwiri isanathe munanyamuka. Kuseka kuja ndikukupepesani lero.

Lamulungu lina mwezi wathawu, titatuluka m'tchalitchi, ndinawerenga kope lonse pansi pa mkuyu. Anthu anadzaza mpaka kumanda. Anyamata aja analipo, ndipo palibe anatsokomola. Nditafika pa za pamtsinje, a Alufeo anaimirira okha, opanda ndodo, nati, "N'zoona zimenezo, ine ndi mboni." A Jesinta analulutira, amayi onse n'kulandira. Sindinayambe ndanyadirapo kudziwa kulemba monga tsiku limenelo.

Abambo a kumishoni anandidzudzula pang'ono za kope lawo, koma atawerenga anandipatsa lina. Tsopano anthu akubwera okha. Ana a malemu a Ezara, aja ankagwetsa amuna onse a ku Kasina pogwetsana, abwera kawiri kuti ndilembe za atate awo nkhalamba zowaona zisanathe. Ndayamba kale. Ena akunditcha mlembi wa amuna amphamvu, ine amene sindinapambanepo ngakhale liwiro la ana!

Pempho langa ndi ili. Mukapeza wobwera kuno, nditumizireni makope awiri ndi mapensulo, chifukwa kuno n'zosowa. Ndiponso mundilole ndilembe mbiri yanu. Mukakana ndimva, koma dziwani kuti theka lake anthu alimva kale.

Amayi akupereka moni, ati musamagone osafunda. Alongo anu a Filomena abereka mwana wamwamuna, ndipo akudikira inu kuti mutche dzina. A Alufeo ati ndikuuzeni kuti bulangete alisunga, ndi lanu. Atate nawonso anali pansi pa mkuyu paja. Lero m'mawa andipeza ndikusongola pensulo, ndipo afunsa kuti, "Ukulembera mkulu wako?" Nditavomera, ati, "Umuuze kuti njira ya kwawo sinamere udzu. Abwere ndikadaona."

Ine mng'ono wanu wokunyadirani,
Gervazio