Mpini wa Dzanja Lamanzere

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Oddvar watsika yekha masitepe a chipinda chapansi lero. Koyamba chichokereni kuchipatala. Ine pambuyo pake, manja ali chire, ngati ndingamuwakhe mwamuna wamkulu chonchija. Mwendo wamanja akuchita kuukoka. Dzanja lamanja lili lende, zala zopindikira m'kati. Sitiroko inamusiyira pakamwa ndi nzeru, koma inalanda dzanja lomwe wakhala akuwombera nalo pa mipikisano kuyambira tisanakwatirane.

Anakaima pa kabati yachitsulo. "Tsegula, Tordis." Kiyi ali ndi ine, ndinamuchotsa pobisika paja iye ali m'chipatala. Sanafunse chifukwa. Ndinatsegula.

Pisitolo ili momwe anaisiyira. Mpini wake wosemedwa motengera chikhatho chamanja, chala chilichonse ndi malo ake. Kumanzere sugwirika n'komwe. Akuti tisema wina. Tisema! Ine amene sindinasemepo ngakhale supuni.

Loweruka, 8 Febuluwale

Chipale chofewa mpaka m'mawondo. Ndachotsa pakhomo ndekha, msana ukuwawa.

Jostein, mnzake wa ku kalabu yowombera, wabweretsa chidutswa cha mtengo wolimba, woderako, ndi tupa ziwiri. Wamasula mpini wakale, chitsulo n'kuchibwezera m'kabati. Zipolopolo zonse ndamupatsa apite nazo kwawo. Khofi, makeke. Jostein kumuputa: "Kumanja unkaphonya kale, mdala iwe, mwina kumanzereku uyamba kulasa." Oddvar anaseka mpaka kutsokomola, theka la nkhope lokha. Pakhonde Jostein anandinong'oneza kuti ndisayembekezere zambiri. Ine ndikuyembekezera chiyani?

Lachinayi, 13 Febuluwale

Mtengo pa vaisi, chitsulo choupanira kuti usasunthe. Ine tupa m'manja, iye pampando kulamula. "Apo ayi! Pansi pa chala chachikulu. Pang'onopang'ono, mayi iwe, si karoti ameneyo." Amagwira ndi lamanzere, kutsinzina, kenako kulemba ndi pensulo pamene pakumufinya. Mizere yake yokhotakhota ngati ya mwana wa kumkaka. Ndipale, agwire, ndipalenso. Matuza m'manja. Fumbi m'tsitsi, m'mphuno, mu supu momwe.

Koma wadya mbale yonse. Mbatatesi ndi nsomba, osatsalako kanthu.

Lamlungu, 23 Febuluwale

Marte waimba kuchokera ku Trondheim. Mwana wathu yekhayo, komanso namwino, waona zambiri. Nditangomuuza, mawu anasintha. "Amayi, munthu amene analira mwezi wathunthu, amene anakuuzani kuti bola akanangofa, mukumukonzera mfuti?" Ndinati zipolopolo zili kwa Jostein, kiyi ali m'khosi mwanga pa kachingwe. Akuti sizokwanira. Akuti ndikaipereke kupolisi.

Ndikapereka, m'mawa Oddvar azidzukira chiyani? Ndikapanda kupereka... Sindikufuna kumaliza ganizo limenelo.

Masana tupa yadya kwambiri pamalo a chala chaching'ono. Dzenje. Oddvar anaponya pensulo kukhoma. Ndamata ndi phala la matabwa. Lauma loyera, chipsera chikuonekera patali.

Lachitatu, 5 Malichi

Sandipepa masiku onsewa, wokhakhala, kenako wosalala. Dzulo timaenje ting'onoting'ono pachikhatho kuti mpini usamaterere ndi thukuta. Iye kugwira msomali, ine hamala. Ndinamuphwanya chala. "Wandimaliza ndi lotsalali," akutero. Tinaseka. Kenako ndinakalirira ku bafa, madzi ndili nditatsegula.

Chitsulo chinali ndi timadontho ta dzimbiri, ndapukuta mpaka mbee. Mtengo ndaupaka mafuta, wada bwino, mizere yake yatuluka. Ndi wokongola, ndisaname. Anaugwira nthawi yaitali, chala chachikulu chikusisita pa chipsera paja. Akuti Lachitatu likubwerali tikupita ku kalabu.

Lachitatu, 12 Malichi

Sindikufuna kulemba. Ndilembabe.

Anthu anali ochepa, Jostein anawauziratu kuti asaunjikane. Oddvar anaima pamzere, ndodo ataitsamiritsa patebulo. Anakweza mkono. Nsonga ya mfuti kuzungulirazungulira ngati ikusaka ntchentche. Chipolopolo choyamba m'mphepete mwa chandamale. Chachiwiri sichinaoneke komwe chapita. Pa chachitatu mwendo unagwedera, phokoso, fumbi kuyoyoka kuchokera kudenga. Zii.

Jostein ndiye woyang'anira chitetezo, sakanachitira mwina. "Ika pansi, Oddvar. Itsegule, uike pansi." Anthu amene Oddvar anawaphunzitsa yekha kuwombera, onse maso pa nsapato zawo.

Msewu woterera. Ndinayendetsa pang'onopang'ono kuti tisafike msanga.

Lachisanu, 14 Malichi

Ali pabedi, nkhope kukhoma. Buledi ndi tchizi zabwerera momwe ndinapititsira.

Jostein waimba. Komiti ikuti asawomberenso ataimirira mpaka dokotala atavomereza. Mwina atakhala pampando, mkono utatsamira pa chinthu. Ndinakamuuza. "Pampando? Andimangirenso thewera basi." Sanatembenuke.

Marte akubwera Loweruka la sabata yamawa. Akuti adzanyamula yekha mfutiyo, ine ndidzangomuperekeza kupolisi. Sindinamuletse. Sindinavomere. Ndinangogwira foni mpaka anadula.

Lachiwiri, 18 Malichi

Wadzuka yekha. Wameta ndevu, wadzicheka pachibwano. Ndinamupeza pansi, atakhala pafupi ndi vaisi, atavala epuloni yake yakale mokhota chifukwa sangamange kumbuyo.

Akuti waganiza bwinobwino, wapeza chimene chinalakwika. Mpini ndi wonenepa kumbuyo, ukukankhira nsonga m'mwamba. Tikapala pang'ono pansi pa chikhatho zitheka. Maso akuwala ngati kale, ngati m'mawa wa mpikisano. Za Marte sindinamuuze.

Vuto si mtengo. Ndikudziwa, ndipo ndikuganiza kuti nayenso akudziwa. Ndinamuyang'ana, mawu anafika pakamwa penipeni.

"Tenga tupa yaing'ono ija, Tordis."

Ndinatenga. Ndinamumangira epuloni. Tapala mpaka masana, mpini wayamba kuonda, ukangoonda kwambiri sudzabwereranso. Loweruka sindikudziwa ndidzaima mbali ya ndani. Oddvar akundiitananso pansipo.