Voti ya Bambo Ako

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mpongozi wanga ndi kamdzukulu kanga. Kodi kamwanako chifuwa chija chinakasiya? Kuno tilipo, kungoti mutu wanga ukuwira.

Ndalemba papepala dala, chifukwa foni sindikufuna n'kuiona komwe.

Gulu la pafoni lija unatitsegulira, loti anthu a mumsewu mwathu tizikambiranapo za malo opanda kanthu a kuseri kwa sitolo, landikalambitsa. Khonsolo inati tisankhe tokha, mpopi wa madzi kapena bwalo la mpira. Milungu itatu foni kumangolira ngati mwana wanjala! Wometa tsitsi uja amatumiza mawu a mphindi khumi, theka lake akutsokomola. Aphunzitsi opuma aja ntchito yawo n'kukonza zilembo za anzawo basi.

Komabe ndisaname, amayi amene pamsonkhano amangoyang'ana pansi, pafoni anayankhula. Mayi woyendera njinga ya olumala uja atafotokoza mtunda umene ana ake amayenda ndi zigubu, gulu lonse linamvetsera mpaka kumapeto.

Tsiku lovota pafoni pomwepo, mpopi unapeza mavoti 41, mpira 40.

Apa ndiye pagona nkhani. Bambo ako, amene sanasenzepo ndowa chikwatiranireni, ankalalikira za mpira. Polowa kubafa anasiya foni yawo pamakina anga osokera. Ndinaitenga n'kuwavotera mpopi. Chala chinachita kuthamanga chokha.

Atatuluka n'kuyesa kuvota, foni inawauza kuti avota kale. Anayenda msewu wonse akuuza anthu kuti makina ako ovotera pafoniwo ndi akuba. Wometa uja anathirirapo ndemanga, ati unawakonza dala kuti ine mayi ako ndipambane. Ena n'kumati gulu lithe, tibwerere kumisonkhano yakale ija, yoyankhula amuna atatu okhaokha.

Zoti mwana wanga atchedwe wakuba chifukwa cha ine zinandikanika. Lachiwiri ndinajambula mawu n'kuulula zonse pagulu. Anga anali a mphindi imodzi yokha, koma mayankho anapitirira mazana awiri. Wina anati ndichotsedwe, wina anati ndipatsidwe mendulo. Aphunzitsi anangoti mawu oti pepani sindinawatchule momveka.

Pomaliza agwirizana kuti tivotenso kumapeto kwa mwezi uno.

Bambo ako anakhala masiku awiri osandiyankhula. Dzulo ndikusoka, anaima pakhomo n'kunena kuti chinawapweteka si mpira ayi, koma kuti ndinakambirana ndi msewu wonse pafoni, iwo osawafunsa ngakhale kamodzi, chonsecho timagona chipinda chimodzi. Ndinati chabwino, ndikukufunsani tsopano. Anati aganiza kaye. Aganiza kaye! Munthu wosamba madzi otunga ine!

Ndiye mwana wanga, ndakuchititsa manyazi, undikhululukire. Ndamva kuti wakwiya ndipo ukufuna kutseka gululo. Chonde usatero. Wolakwa ndine, osati anthu amene angoyamba kumene kutsegula pakamwa. Utitsegulirenso voti, ndipo uikepo nambala yachinsinsi ya munthu aliyense, kuti ngakhale ine ndisathenso kubera.

Bambo ako usawaimbire kuti uwanyengerere. Imeneyo ndi ntchito yanga, ndipo ndatsala ndi milungu iwiri yokha.

Undiperekere moni kwa mpongozi wanga ndi makolo ake, kamdzukuluko undipsompsonereko. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mayi ako,
wotopa koma wokukonda.