Dzino la Esitele

Lolemba, 9 Juni 2025
Esitele sanapitenso kusukulu. Akuti dzino la kumapeto, pansi kumanzere. Ndamuyang'ana m'kamwa padzuwa, mano onse oyera, palibe lobooka. Ndamuuza kuti ine ndinabereka mwana, sindinabereke ulesi. Zaka 13 koma mabodza ngati bambo ake.

Lachitatu, 11 Juni
Tsaya latupa. Madzi amchere, panado. Mawa ulendo wa ku Chipata kukapikula zitenje, sindingasiye.

Loweruka, 14 Juni
Tsiku la msika ku Kapondo. Amayi anzanga a geni anandilozera a Laston ozula mano kuseri kwa ma shopu, akuti dzanja lawo ndi lopepuka. Kuchipatala mzere, ndiye ndinati bola apa.

A Laston anagogoda mano ndi kasupuni. Esitele anati, "Si limenelo, kukupweteka kumbuyo kwake." A Laston anaseka: "Kumbuyoko kulibe dzino, mwanawe, ndi nkhama chabe." Anandiyang'ana mwanayo. Ine ndinati, zulani, ana a masiku ano amadziwa zonse. Ndinamugwira mutu ndi manja angawa.

Dzino linatuluka lathunthu, lopanda banga.

Lachiwiri, 17 Juni
Ululu uli pomwepo. Akumwa phala ndi mbali imodzi. Sakundiyankhula, amangoti "eya", "ayi".

Lachinayi, 19 Juni
Ndalephera kutsegula benchi langa la zitenje, mwana sakupeza bwino. Za Loweruka zija ndikuchita nazo manyazi ngakhale kulemba muno.

Lachisanu, 20 Juni
Chipatala cha kuboma. Amujambula. Adokotala a mano, mayi wofatsa, anatiwonetsa chithunzi: dzino limene limayenera kumera mwana akafika zaka 12 linagona chopendekera mkati mwa nkhama, n'kumakankha linzake. Akuti sizichitika kawirikawiri, mwina mwana mmodzi kapena awiri pa 100, n'chifukwa chake makolo ambiri sazidziwa. Tikanabwera msanga akanaliwongola, onse awiri n'kukhalapo. Lozulidwalo linali labwinobwino ndipo silidzameranso.

Ndinakumbukira mawu ake aja kwa a Laston. Mwana ananena, ine ndi amene sindinamve.

Kenako adokotala anavula magalasi. "Nanga dzino labwino chonchi anazula ndani? Mayi, inu munalipo?"

Ndisanatsegule pakamwa Esitele anayankha, maso ali pansi. "Ndinapita ndekha, adokotala. Amayi anali ku Chipata."

Adokotala analemba zimenezo m'buku lake la kuchipatala. Ine sindinatsutse, chikwama pamiyendo.